Adyo, Yisiti ndi Thanzi la Nsomba za m'Damu

Nyengo yozizira ikafika makumba ndi chilunguni sizidya bwino, ndipo matenda amalowa mosavuta. Mukukumbukira matenda a zilonda aja otchedwa EUS, amene anapezeka ku Mchinji mu 2020. Nsomba ikatuluka zilonda, mlimi wataya kale ndalama. N'chifukwa chake phunziro la lero likukamba zolimbitsa thupi la nsomba isanadwale.

M'matumbo a nsomba mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tina toipa, tina tabwino. Tabwinoto timathandiza kugaya chakudya, ndipo tikachuluka timalanda malo a toyambitsa matenda. Tikamaperekedwa dala mu chakudya, ophunzira amatitcha ma probiotic. Si zachilendo ayi: timene timasandutsa mkaka kukhala chambiko ndi ta mtundu womwewu, komanso yisiti yophikira mandasi ili m'gulu lomweli.

Koma izi ndi zamoyo, kutentha kumazipha. Ngati mwaphika gaga kapena soya, dikirani zizizire musanathire yisiti. Mukatero yanikani pamthunzi, mupange zokwana masiku ochepa okha. Chakudya chochita chuku tayani, chimawononga chiwindi cha nsomba.

Pa zomera, adyo ndi amene ndimamukhulupirira. Muumitseni, mum'sinje, muyike pang'ono: magalamu 10 pa kilogalamu imodzi ya chakudya ndi poyambira pabwino. Masamba a cham'mwamba ali ndi zomanga thupi, koma akachuluka nsomba zimakana kudya ndipo zimapinimbira. Ine zinandichitikira. Ndinathira wambiri poganiza kuti chabwino sichichuluka, m'mawa ndinapeza gaga yense akungoyandama.

Musamati tsamba lililonse ndi mankhwala. Ife a kunyanja timadziwa zimene katupe amachita m'madzi. Nimu nayenso akapitirira muyeso amapha nsomba.

Wina akabwera ndi paketi yopanda dzina, nati nsomba zikula kawiri, musafulumire kutulutsa ndalama. Kafunseni alangizi a za nsomba kaye. Ngati muli ndi madamu awiri, yesani limodzi, linalo mulisiye monga kale, tsiku lokolola sikelo idzanene.

Ndipo adyo sachiza nsomba ya zilonda kale, sakonzanso madzi oipa. Mukaona nsomba zikubwera pamwamba m'bandakucha, kukamwa kuli yasa, vuto ndi mpweya. Siyani kudyetsa tsiku limenelo, mulowetse madzi atsopano.