Malenzi osintha mtundu wa maso: madzi asawakhudze

Okutobala akamatha, abale athu a ku Britain ndi ku America amayamba kusaka malenzi oyera mbuu kapena ofiira psuu oti avale pa Halloween, pa 31. Kuno kwathu owafuna ndi ojambula mavidiyo a nyimbo, a zisudzo, ndi akwati ena ofuna maso owala pa zithunzi. Ndadzoza nkhope za anthu oterewa kwa zaka zambiri, ndipo pafupifupi onse amapunthwa pa chitsa chimodzimodzi.

Zoyambirira ndidutsapo msanga. Kayezetseni kwa dokotala wa maso ngakhale mumaona bwinobwino, chifukwa maso amasiyana kapindikidwe, ndipo lenzi yothina imakanda diso. Ku America, kuyambira 2005, malenzi onse, ngakhale okongoletsa chabe, amawerengedwa ngati zipangizo zachipatala, ndipo kuwagulitsa popanda chikalata cha dokotala ndi mlandu. Ku Britain kuyezetsa kungakudyereni mapaundi 30 kapena 50, botolo la mankhwala otsukira mapaundi ngati 10. Amene akukutsatsani peyala pa mtengo wa chipisi, paketi yopanda dzina la wopanga kapena deti lothera ntchito, musiyireni katundu wake. Sambani m'manja ndi sopo. Valani malenzi musanadzole zodzoladzola, ndipo muwavule musanazichotse.

Tsopano mvetserani. Madzi asakhudze lenzi. Osati a pampopi, osati a pamjigo, osati a m'botolo ogula, osati owiritsa aja mumati ndi aukhondo. Malovu ndiye osayerekeza n'komwe. Ndinaonapo mtsikana wina pa malo ojambulira, lenzi itagwa pa tebulo, akuitola, kuinyambita, n'kuibwezera m'diso uku akuseka. Mnzake anamulangiza kuti usiku aziiviika m'kapu ya madzi amchere pang'ono, akuti agogo ake ankatsukira maso motero. Agogowo sankavala malenzi.

Chifukwa chake ndi ichi. M'madzi ndi m'dothi mumakhala kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Acanthamoeba. Mukakamwa nthawi zambiri sikakuchitani kanthu, n'chifukwa chake anthu amatsutsa kuti madzi akumwa angaononge bwanji diso. Koma lenzi yofewa imayamwa madzi ngati siponji, kenako n'kukanikiza kachilomboko pa kakhungu koonekera ka kutsogolo kwa diso kwa maola ambiri. Pakangopezeka kokalika pang'ono, kalowa. Kakaona zovuta kamadzitsekera m'chigoba cholimba, moti klorini wa m'madzi a pampopi sakapha. Ambiri odwala matendawa ndi ovala malenzi. Mankhwala ake ndi odontheza m'diso ola lililonse, usana ndi usiku, masiku oyambirira, kenako miyezi ingapo, ndipo ena amathera ku opareshoni yosintha kakhungu kaja. Zonsezi chifukwa cha kapu ya madzi.

Ndiye mukasamba m'manja, pukutani mpaka muume gwa, ndi kansalu kosasiya ulusi. Apa ndi pamene ngakhale osamala amagwera: asamba bwino, koma agwira lenzi ndi zala zodontha madzi. Osasamba m'thupi mutavala malenzi. Osalowa nawo m'dziwe losambiramo kapena m'nyanja, ngakhale wojambula atachonderera kuti n'kamphindi chabe.

Mukavula, ikani lenzi pachikhatho, dontheziranipo mankhwala ake, n'kuitikita ndi chala mbali zonse ziwiri kwa masekondi ngati 20, ngakhale botolo litalemba kuti kutikita n'kosafunika. Itsukuluzeni ndi mankhwala omwewo. M'kabokosi kosungiramo malenzi thirani atsopano nthawi iliyonse. Chizolowezi chongoonjezera pa adzulo pofuna kusunga ndalama chimandinyansa, chifukwa mankhwala otsalawo atha mphamvu ndipo asanduka khola la tizilombo. Kabokosi nako musakatsuke pa mpopi. Katsukeni ndi mankhwala, mukavundikire pa tishu kuti kaume, ndipo pakatha miyezi 3 mukataye. Madzi amchere a ku famase aja ndi otsukuluzira chabe, sapha tizilombo. Ngati mankhwala anu ndi a hydrogen peroxide, lenzi ikhale m'kabokosi kake kapadera maola 6 isanapite m'diso, apo ayi mudzalira ngati mwathiridwa tsabola.

Mukaona kuti zonsezi simungazikwanitse, gulani ovala tsiku limodzi n'kutaya. Kwa munthu wa phwando limodzi ndiwo abwino.

Osabwerekana malenzi, ngakhale ndi mchemwali wanu. Osagona nawo. Kakhungu kaja kalibe mitsempha ya magazi, kamapuma mpweya wa kunja, ndipo malenzi ambiri autoto salola mpweya wokwanira kudutsa. A bungwe la zaumoyo la CDC ku America amati kugona ndi malenzi kumachulukitsa ngozi ya matenda ka 6 mpaka ka 8. Malenzi aakulu ophimba diso lonse aja, a mamilimita 22 pamene wamba amakhala 14, valani kanthawi kojambula kokha. Ndipo amene ali ndi kabowo kakang'ono pakati amatchinga za m'mbali, choncho musayendetse nawo galimoto usiku.

Diso likafiira, likamawawa ngati mwalowa mchenga, likamadana ndi kuwala kapena kuona mwachimbuuzi, vulani pompopompo. Ululu ukapitirira, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa pali bakiteriya wina, Pseudomonas, amene amatha kukumba chilonda m'diso m'masiku awiri okha. Musagule mankhwala odontheza mwa inu nokha. Ena ali ndi steroid amene amaziziritsa ululu matenda akuyaka. Amene muli ku Blantyre, chipatala cha maso cha Lions Sight First chili pa Queen Elizabeth. Tengani malenziwo ndi kabokosi kake osatsuka, ndipo mukangokhala pampando muwauze adokotala kuti munavala malenzi.