Bwanji pamafunika chilolezo pofukula matope m'nyanja?

Ndi ana anga a Fomu 3 ndimayamba ndi botolo. Thiramoni madzi, mchenga ndi dothi, mukhutchumule, kenako muliike pansi. Mchenga ukhazikika pompo, koma madzi akhalabe ovunduka kwa maola. Paja kanthu kakang'ono kakachepa kakhumi m'mimba mwake, kamamira pang'onopang'ono nthawi 100.

Ndiye taganizani makina akufukula pansi pa nyanja yosaya ngati Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Matopewo amatchinga dzuwa, zomera zam'madzi n'kufooka, ndipo amakwirira mazira a nsomba. Mukawataya m'dambo, mwapha sefa: mabango amachedwetsa madzi kuti matope atsale asanafike m'nyanja.

N'chifukwa chake lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa, bungwe la MEPA n'kuvomereza. Mwini ntchito amayenera kulondola ndondomeko iyi: pewa dambolo, zikakanika, chepetsa chiwonongeko, chotsalacho, konzanso kapena bwezera dambo lina.

Yesani za botolozi kunyumba, muwerenge mphindi, mudzandiuze Lolemba.