Phunziro la Mwezi Uno: Za Nthenda ya Shuga ya Amayi Apakati

Abale ndi alongo, mwezi uno tiphunzira za nthenda ina imene igwira amayi apakati. Nthenda imeneyi kawirikawiri sigonetsa munthu pamphasa. Mayi alima, atunga madzi, asinja monga masiku onse, koma m'mwazi mwake shuga alikuchuluka. Chifukwa chake sitingaizindikire ndi maso, koma poyesa mwazi kuchipatala.

1. Chiyambi chake

Nsima, mbatata, chinangwa ndi mpunga zikalowa m'mimba zisanduka shuga, ndipo shugayo alowa m'mwazi. Kuseli kwa chifu kuli chiwalo chimene chitulutsa madzi otchedwa insulini, amene ntchito yake ndiyo kuchotsa shuga m'mwazi ndi kumlowetsa m'minofu, kuti munthu apeze mphamvu. Tsono mkazi akaima, nsengwa imene idyetsa mwana itulutsa zinthu zofooketsa ntchito ya insulini, makamaka mimba ikapitirira theka. Matupi a amayi ambiri aonjeza insulini, zonse nizikhala bwino; koma ena alephera kuonjeza, shuga nakhalira m'mwazi. Umenewu si ufiti ayi, ndiponso si mdulo, kapena kulakwa kwa mkaziyo.

Igwira kwambiri amayi onenepa, achikulire, amene ali ndi mbale wodwala shuga, amene anaidwala pa mimba yakale, ndi amene anabalapo mwana wa makilogalamu 4 kapena kuposa. Koma igwiranso ena opanda zimenezi.

2. Zoipa zake

Shuga wochuluka wa mayi afika kwa mwana, mwana nanenepa kopitirira muyeso. Ife tizolowera kukondwera ndi khanda lalikulu, koma taonani, kukula kumeneku kuli ndi tsoka lake: mutu ukabadwa mapewa akhoza kukanirira, mayi navulala, mwana navulalanso, ndipo nthawi zina afunika opaleshoni. Akabadwa, shuga wa m'mwazi mwake akhoza kutsika msanga, nafooka, nalephera kuyamwa. Ana ena afera m'mimba masiku atayandikira. Mayinso akhoza kudwala kuthamanga kwa magazi.

3. Mayesedwe ake

Nthawi yoyenera kuyesa ndiyo mimba ikafika milungu 24 kufikira 28. Koma mayi wa m'gulu lija tatchula angayesedwe poyambirira pomwe. Mayesedwe ali otere. Mayi adye madzulo monga mwa nthawi zonse, nagone, asadyenso kanthu maora 8 kapena kuposa. Madzi okha angamwe. M'mawa anamwino atenga mwazi pang'ono. Pamenepo ampatsa madzi osungunulamo magalamu 75 a shuga wa kuchipatala, namwa onse m'mphindi 5. Akhale pansi, asadye, asayendeyende. Likatha ora limodzi atenganso mwazi, ndipo akatha maora awiri atenga kachitatu.

M'chaka cha 2013 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linaika malire awa pa muyeso wotchedwa mmol/L: asanamwe, 5.1, patapita ora limodzi, 10.0, patapita maora awiri, 8.5. Nambala imodzi yokha ikafika pa malire ake kapena kupitirira, ndiye kuti nthenda ilipo. Chifukwa chake mayi asanyenge anamwino. Ngati wamwa phala m'mawa anene, pakuti phalalo lisokoneza muyeso. Ngati pa sikelo yapafupi palibe zoyesera, afunse kumene angazipeze.

4. Kudzisunga

Ikapezeka, mtima usagwe, pakuti amayi ambiri aigonjetsa ndi kadyedwe ndi kuyenda kokha. Mayi asadzimane chakudya, popeza mwana afuna kukula. Koma agawe chakudya chake, adye katatu pa tsiku modziletsa, ndi kakudya kakang'ono pakati pake. Nsima ikhale ya mgaiwa, yochepa. Ndiwo zichuluke: nyemba, nandolo, usipa, mazira, nkhwani, bonongwe, chisoso ndi therere. Aleke zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, tiyi ndi thobwa zothira shuga, nzimbe ndi mandasi. Atatha kudya asagone pomwepo, koma ayendeko; mphindi 30 pa tsiku zithandiza ndithu.

Shuga akakana kutsika, dokotala apatsa mapiritsi otchedwa metformin, kapena jakisoni wa insulini. Mankhwala amenewa a insulini anawapeza Banting ndi Best mu mzinda wa Toronto, ku Canada, m'chaka cha 1921, ndipo apulumutsa anthu osawerengeka. Mayi asawaope, ndiponso asawaleke mwa iye yekha.

Pano tinena ndi inu abambo ndi apongozi. Mutu umodzi susenza denga. Mkazi sangadye mgaiwa yekha pamene nyumba yonse ifuna ufa woyera. Sangafike ku sikelo pamene mwamuna wakana njinga ndi ndalama ya ulendo. Musamkakamize kudya mitanda yambiri, ndi kunena kuti adyere awiri. Mukaona kuti mutu ukumuwawa kwambiri, nkhope ndi manja zatupa, maso achita chidima, kapena mwana waleka kugunda m'mimba, musayembekeze kuche. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo mayi wotere achirire kuchipatala, osati kunyumba.

5. Mwana atabadwa

Mwana ayamwe m'ora loyamba, nayamwe kawirikawiri, kuti shuga wake asatsike. Nsengwa ikatuluka, nthenda itha mwa amayi ambiri. Koma mayi abwerenso kukayesa mwazi pakapita milungu 6 kufikira 12, ndi kumayesabe zaka zam'tsogolo, pakuti wodwala nthendayi ali pafupi kuidwalanso pa mimba ina, kapena kudwala shuga wosatha akamakula. Akaimanso, auze anamwino tsiku loyamba la sikelo.

Mafunso a pa msonkhano wa amayi

1. Chifukwa ninji mayi wooneka wamphamvu ayenera kuyesedwa mwazi?
2. Ayesedwe mimba ili ndi milungu ingati, ndipo adzikonze bwanji?
3. Ndi zakudya ziti za m'mudzi mwathu zimthandiza, ndi ziti ayenera kuleka?
4. Pali mayi wapakati kodi pafupi nanu amene sanayambe sikelo? Adzamperekeza ndani mwezi uno?