Kayesedwe ka Wosewera Mpira wa AFL: Zaka Zake, Mphamvu Zake ndi Mabala Ake

Aliyense amene wakhalako pakati pa anthu a ku Melbourne, Adelaide kapena Perth m'miyezi ya chisanu, kuyambira Malichi kufikira Seputembala, adziwa kuti palibe nkhani imene imautsa mkangano msanga m'sitima, m'nyumba zodyera ndi m'manyuzipepala koposa yakuti wosewera wakutiwakuti akali ndi mphamvu kapena watha. Mpira wa anthu a kumeneko, umene amasewera amuna 18 mbali iyi ndi 18 mbali inayo pa bwalo lalikulu lopanda ngodya, ndi mpira wodya thupi la munthu, pakuti wosewera amathamanga makilomita oposa 10 pa masewera amodzi, namalumpha, namagundana ndi anzake popanda chovala chomtchinjiriza. Chifukwa chake amene afuna kuweruza wosewera wotere mwachilungamo ayenera kuwerenga masiku amene munthuyo anagona m'chipatala ndi chidwi chomwecho chimene awerengera zigoli zake. Ndifotokoza njira yake, ndipo nditenga Nat Fyfe wa timu ya Fremantle kukhala chitsanzo chathu, popeza m'moyo wake muli ulemerero ndi zowawa zomwe, zonse zambiri.

Musanayang'ane nambala iliyonse, yambani mwafunsa ntchito imene mphunzitsi wa timu anapatsa munthuyo. Wapakati amalimbira mpira pamene woyimbira wauponya pakati pa khamu, ndipo iye ndiye amaugwira kawirikawiri. Wakutsogolo amadikira pafupi ndi mizati, ndipo angathe kugwira mpira kasanu ndi katatu kokha tsiku lonse, koma n'kupambanitsa timu yake. Ruckman, amene kawirikawiri ndi wamtali koposa onse, ntchito yake ndi kulumphira mpira ndi kuugwetsera m'manja mwa anzake. Ndipo wakumbuyo wabwino nthawi zina sadziwika konse, chifukwa kupambana kwake n'kwakuti mdani wake sanaoneke. Palinso wosewera amene amatumidwa kukakakamira katswiri wa timu inayo ndi kumsowetsa mtendere kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ryan Crowley anagwira ntchito yonyozeka imeneyi ku Fremantle, ndipo ngakhale manambala ake anali ochepa, timu yake inampatsa mendulo ya Doig m'chaka cha 2012, ndiyo mphoto ya wosewera woposa onse m'timumo. Amene akanayesa Crowley ndi muyeso wa Fyfe akanamchimwira kwakukulu.

Mukadziwa ntchito yake, pamenepo tsegulani manambala, amene kampani ya Champion Data imasonkhanitsa m'malo mwa ligi ya AFL, koma muwatsegule mochenjera. Nambala imene anthu amathamangira kutchula ndi ya disposals, kunena kuti munthu anapereka mpira kangati, pomenya ndi phazi kapena pokhoma ndi nkhonya. Koma nambala imeneyi siisiyanitsa mpira umene munthu analandira ali yekha kumbuyo, wopanda womsautsa, ndi mpira umene anautola pansi pa miyendo ya amuna anayi. Kwa wapakati funani mipira yolimbirana, funani kuti anatulutsa mpira m'khamu kangati, ndi kuti anagwira adani kangati. Fyfe, mnyamata wa ku Lake Grace m'dera la alimi la Western Australia, amene Fremantle inamsankha pa nambala 20 m'chaka cha 2009 nayamba kusewera mu 2010, anatchuka chifukwa cha zimenezi, kuwonjezapo luso la kuwakha mpira m'mwamba pakati pa anthu, limene apakati ambiri alibe. Kwa wakutsogolo musawerenge zigoli zokha, koma muike pambali pake ma behind, ndiyo mipira yophonya chigoli pang'ono, pakuti chigoli chili ndi mapointi 6 pamene behind ili ndi pointi imodzi yokha, ndipo munthu wophonya amawononga thukuta la anzake onse. Apa ndi pamene panali chilema cha Fyfe. Pa masewera otsiriza a chikho a 2013, amene Fremantle inagonja kwa Hawthorn ndi mapointi 15, iye anaphonya mwayi wa zigoli m'chigawo choyamba, ndipo timu yake inatsiriza ndi zigoli 8 ndi ma behind 14. Woyesa woona mtima salumpha tsamba limeneli, ngakhale amkonde munthuyo chotani.

Samalaninso poyerekeza zaka. M'chaka cha 2020, chifukwa cha mliri wa Covid-19, chigawo chilichonse cha masewera chinafupikitsidwa kuchoka pa mphindi 20 kufika pa 16, ndipo timu iliyonse inasewera masewera 17 okha asanayambe a ndime zotsiriza. Motero manambala a chaka chimenecho amaoneka otsika kwa aliyense, ndipo wosadziwa angaganize kuti ligi yonse inafooka pamodzi. Momwemonso zigoli 1,360 za Tony Lockett ndi 1,066 za Lance Franklin zinapezedwa m'nyengo zosiyana, pakuti Lockett anasewera pamene timu yonse inkamenyera mpira kwa munthu mmodzi woima patsogolo pa mizati, koma Franklin anafika pamene otchinga anali ataphunzira kudzaza malo onse a kumbuyo.

Tsopano tifike pa mendulo, zimene zimanyenga ambiri. Mendulo ya Brownlow, imene inayamba kuperekedwa mu 1924, ndiyo yolemekezeka koposa, koma muyenera kudziwa amene amaponya mavoti ake: ndi oyimbira masewera, amene akatha masewera alionse amapereka mavoti atatu, awiri ndi imodzi kwa anthu atatu amene awaona kuti aposa. Oyimbira amathamanga pafupi ndi mpira, ndipo maso awo amagwera pa amene ali pafupi ndi mpira. N'chifukwa chake menduloyi imagwera apakati chaka ndi chaka, ndipo Alex Rance wa Richmond, amene anasankhidwa kasanu m'timu ya All-Australian, ya osewera oposa onse a chaka, monga wotchinga, sanaiyandikire. Amene ligi yamuimitsa kusewera monga chilango m'chakacho sangailandire, ngakhale mavoti ake achuluke. Fyfe anailandira kawiri, mu 2015 ndi mu 2019; mu 2014 anali woletsedwa chifukwa cha chilango, koma osewera anzake a ligi yonse, amene amaponya mavoti awoawo, anamsankha iye kukhala woposa onse chaka chimenecho ndi chotsatira chake. Taonaninso chodabwitsa ichi: mu 2015, pamene oyimbira anamuona Fyfe kukhala woyamba m'dziko lonse, aphunzitsi a Fremantle anapereka mendulo ya Doig kwa ruckman wawo Aaron Sandilands. Sindinena kuti ena ananama, koma kuti mboni iliyonse inaima pamalo pake niona zake. Mutu umodzi susenza denga. Ikani pamodzi umboni wa oyimbira, wa osewera, wa aphunzitsi ndi wa osankha timu ya All-Australian, ndipo pamene onse avomerezana, pamenepo khulupirirani. Mukafuna kudziwa za mtima wa munthu pa tsiku lalikulu, onani mendulo ya Norm Smith, ya woposa onse pa masewera otsiriza a chikho, imene Dustin Martin wa Richmond anailandira katatu, mu 2017, 2019 ndi 2020.

Za mphamvu zimene wosewera ali nazo lero lino, lamulo ndi lalifupi koma lovuta kulisunga: musaweruze pa masewera amodzi kapena awiri. Tengani masewera asanu kapena asanu ndi amodzi otsatana, muwaike pambali pa zimene munthuyo amachita m'zaka zake zabwino, ndipo pa masewera alionse mufunse kuti anakumana ndi timu yanji, kunagwa mvula kapena ayi, anamuikira womkakamira kapena ayi, ndiponso anakhala mphindi zingati pa bwalo ndi zingati pa benchi. Kawirikawiri manambala akatsika mwadzidzidzi, chifukwa chake n'chakuti mphunzitsi wamsuntha pamalo, monga anachitira ndi Fyfe m'zaka zake zotsiriza pomtumiza kutsogolo kuti thupi lake lipume ku nkhondo ya pakati. Ndipo manambala akatha kunena zawo, onerani masewerawo ndi maso anu, osatsata mpira koma munthuyo: ngati akalumphabe ndi mwendo umene ankalumphira kale, ngati akatembenuka msanga, ngati m'chigawo chachinayi akathamangabe kubwerera kukathandiza otchinga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa mabala ndi pamene ndifuna kuti mukhalitse, chifukwa ndi pamene oweruza ambiri amachita ulesi. Tengani pepala, mulembe zaka zonse za wosewerayo motsika, ndipo pambali pa chaka chilichonse mulembe masewera amene anasewera, amene anaphonya, ndi chiwalo chimene chinamkhazika pansi. Matimu amatulutsa mndandanda wa ovulala sabata ndi sabata, ndipo ligi yakhala ikusindikiza lipoti la mabala chaka chilichonse, kotero kuti zofunika zonse zilipo kwa wofuna kuzifufuza. Pepala lotere la Fyfe limanena nkhani imene mendulo sizinena. Mu Seputembala 2015, pa masewera olowera ku ndime yotsiriza, polimbana ndi Hawthorn yomweyo, fupa laling'ono la mwendo wake linathyoka, koma iye anapitiriza kusewera, ndipo patapita masiku owerengeka anakalandira Brownlow akutsamira ndodo. Anthu anatama kulimba mtima kwake, ndipo kunali kulimba mtima ndithu; koma pa masewera achisanu a 2016, polimbana ndi Carlton, mwendo womwewo unathyokanso, chaka chonse chinamthera pomwepo, ndipo Fremantle, imene inatsiriza pamwamba pa ligi mu 2015, inapambana masewera anayi okha. Anabwerera, nakhala kaputeni kuyambira 2017, nakweranso pamwamba mu 2019. Kenaka phewa linaguluka mu 2021, bala la opaleshoni linalowa matenda, msana unatsatira, phazi linatsatiranso, mpaka anapuma pa kutha kwa 2025 asanakweze chikho. Woweruza wosalungama adzati Fyfe wa zaka zotsirizazo anali wosewera wamba. Wolungama adzati anali munthu amene anayesa kutuluka m'phompho kawiri, ulendo woyamba n'kufikanso pansonga, ulendo wachiwiri thupi n'kukana.

Mabala onse salingana, ndipo muyenera kuwasiyanitsa. Fupa lothyoka pogundana ndi tsoka la tsiku limodzi, ndipo likalumikizana bwino kawirikawiri silinena kanthu za mawa. Mnofu wa kuseri kwa ntchafu, umene umang'ambika kawirikawiri koposa ziwalo zonse mu mpira umenewu, umakhazika munthu milungu itatu kapena inayi, koma choopsa chake n'chakuti umabwereza, makamaka munthu akapitirira zaka 30. Mukaona dzina lomwelo ndi mnofu womwewo katatu m'zaka ziwiri, dziwani kuti liwiro lake lili pa ngozi. Mtsempha wa m'kati mwa bondo, wotchedwa ACL, ukaduka umadya pafupifupi chaka chathunthu, ndipo chaka chobwerera sichiyenera kuwerengedwa monga muyeso wa munthuyo, pakuti bondo lingapole koma mtima wa kulidalira umachedwa kubwera. Ena sabwerera konse: Alex Johnson, amene anatenga chikho ndi Sydney mu 2012 ali mnyamata, anakhala zaka zoposa zisanu akulimbana ndi bondo limodzi, nabwerera mu 2018, ndipo pa masewera ake achiwiri bondo linalo linaduka. Onaninso njira imene munthu wabwerera nayo, ngati anayamba wayesedwa m'ligi yaing'ono ya chigawo chake, monga WAFL, SANFL kapena VFL, kapena anamthamangitsira m'timu yaikulu chifukwa masewera a chikho ayandikira. Wothamangitsidwa ndiye amene muyenera kumuyang'anitsitsa m'milungu yotsatira.

Mabala a m'mutu muwalembe pa tsamba laokha, ndipo musawaphatikize ndi ena. Kuyambira 2021 wosewera wa AFL amene ubongo wake wagwedezeka pogundana sangasewerenso asanathe masiku 12, ndipo lamuloli linadza anthu atamva zowawa, pakuti madokotala atapima ubongo wa Graham Farmer, Danny Frawley ndi Shane Tuck atamwalira, anapezamo matenda a CTE, amene amadza ndi kugundidwa m'mutu kobwerezabwereza. Apa chowerenga ndi kuchuluka kwa nthawi zimene wagundidwa, kutalikirana kwake, ndi masiku amene zizindikiro zinatenga kuti zithe. Ngati kugunda kochepa kwayamba kumgwetsa kumene kale sikukanamgwetsa, chimenecho ndi chizindikiro choipa koposa. Paddy McCartin, amene anasankhidwa pa nambala yoyamba mu 2014, anasiya mpira mu 2023 chifukwa cha zimenezi. Angus Brayshaw wa Melbourne, amene anakomoka pa bwalo la MCG mu Seputembala 2023 polimbana ndi Collingwood, anapuma mu Febuluwale 2024 ali ndi zaka 28, miyendo yake ikali yamphamvu, madokotala ataona zithunzi za ubongo wake. Polemba za anthu otere, lembani masewera amene anasewera ndi ubwino wa kasewero kawo, ndipo pa mzere wa zaka zimene sanasewere musalembe kuti analephera, koma kuti madokotala anawaletsa.