Tiwerengere Limodzi: Ulendo wa Pandege wa ku Johannesburg

Ambiri mwa ife tili ndi achibale ku Johannesburg, komwe timangoti ku Joni. Tiyeni tigwiritse ntchito ulendo wa kumeneko pophunzira mtunda, liwiro ndi nthawi.

Kuchokera pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, kukafika pabwalo la OR Tambo ku Johannesburg pali makilomita pafupifupi 1,500. Umenewu ndi mtunda wolunjika, monga momwe ungayendere ulusi mutaukoka pamapu. Basi yodzera ku Tete, Harare ndi Beitbridge imayenda mtunda wotalikirapo, ndipo imatha tsiku lathunthu ndi maola ena chifukwa imaimanso pamaboda.

Lamulo lake ndi ili: nthawi = mtunda ÷ liwiro. Ndege yaikulu ikakhazikika m'mwamba imathamanga makilomita pafupifupi 800 pa ola. Choncho 1,500 ÷ 800 = maola 1.875.

Apa m'pamene ophunzira ambiri amatayira malikisi. Yankholi silikutanthauza ola limodzi ndi mphindi 87 ayi. Ola lili ndi mphindi 60, motero 0.875 × 60 = 52.5. Nthawi yake ndi ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 53.

Nanga n'chifukwa chiyani patikiti amalemba pafupifupi maola awiri ndi theka? Ndege siithamanga pa liwiro limodzi ulendo wonse. Imayamba yayenda pang'onopang'ono pansi, kenako imakwera mpaka mamita oposa 10,000. Ikamayandikira kofika imachepetsa liwiro, ndipo nthawi zina imazungulira kudikira mpata wotera. Mphepo nayo ikamawomba kuchokera kutsogolo imaichedwetsa. Nthawi yonseyi amaiphatikiza patikiti.

Dziwaninso kuti nthawi yofika yolembedwa patikiti ndi ya mzinda womwe mukupita. Malawi ndi South Africa ali ndi nthawi yofanana, choncho pa ulendo uwu wotchi simuisintha. Koma wopita ku Nairobi awonjezere ola limodzi pawotchi yake.

Kwa inu makolo amene mukukonzekera ulendo: maola awiri ndi theka aja ndi a mundege mokha. Wopita kunja kwa dziko amafunika kufika pabwalo kutatsala maola awiri kapena atatu kuti ndege inyamuke, kuti apimitse katundu ndi kudinditsa pasipoti. Onjezanipo ulendo wochokera kunyumba. Wofika zitseko atatseka ndege imamusiya, ngakhale tikiti ali nayo m'manja.

Ntchito ya kunyumba:

1. Ndege yayenda makilomita 1,500 kwa maola 2.5. Pezani liwiro lake la ulendo wonse.

2. Kuchokera ku Chileka ku Blantyre kukafika ku OR Tambo ndi makilomita pafupifupi 1,350. Pa liwiro la makilomita 800 pa ola, ndege ingatenge nthawi yaitali bwanji? Lembani yankho m'maola ndi mphindi, ndipo mukaonetse aphunzitsi anu a masamu.