Tiziphuphu toyera pa milomo ndi kumalo obisika: a dokotala ayankha makalata anu

Woulutsa: Monga mwa masiku onse, mayina sititchula. A dokotala, kalata yoyamba ndi ya mnyamata wa ku Golomoti. Akuti: "Ndili ndi zaka 19. Pa mlomo wam'mwamba ndi pa chida changa cha abambo patuluka tiziphuphu toyera, tina tachikasu. Sitiwawa, sitiyabwa. Sindinagonepo ndi mkazi, koma anzanga akuti ndi chindoko. Tulo sindikutiona."

Dokotala: Achimwene, khazikani mtima pansi. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi timene achipatala amatitcha Fordyce spots, potengera dzina la John Addison Fordyce, dokotala wa khungu wa ku America amene anatifotokoza mu 1896. Si matenda. Khungu lathu lili ndi timatumba topanga mafuta olifewetsa. Kawirikawiri timakhala pa tsinde la ubweya, mafutawo n'kumatulukira momwemo. Koma pa milomo, m'kati mwa masaya ndi mbali zina za kumaliseche palibe ubweya, khungu lakenso n'lopyapyala, ndiye kathumbako kamaonekera. Kukula kwake ndi mamilimita 1 mpaka 3, ngati njere ya mawere. Munabadwa nato. Tayamba kuoneka tsopano chifukwa munthu akatha msinkhu thupi limachulutsa mafuta. Anthu akuluakulu oposa theka ali nato, kungoti ambiri sanadziyang'anitsitse.

Koma mumvetse bwino apa: kusawawa kokha sikutsimikizira kuti zili bwino. Chindoko nachonso chimayamba ndi chilonda chosawawa. Kusiyana kwake n'kwakuti chimenecho ndi chilonda chotseguka, pomwe tiziphuphu tanuto khungu lake ndi lathunthu ndipo timangokhala chimodzimodzi chaka ndi chaka. Ine pa wailesi sindikukuonani, ndiye mukadutse pa chipatala cha Golomoti akakuoneni ndi maso.

Woulutsa: Yachiwiri ndi ya mayi wa ku Mtakataka. "Amuna anga ndi asodzi. Atabwera kunyanja ndinawaona tinthu toyerati, ndipo tsopano ndatipezanso kwa ine. Tayambana mpaka nkhani yafika kwa ankhoswe. Agogo akuti ndi mauka, akufuna andidule ndi lezala."

Dokotala: Mayi, kalata yanu yandikhudza, ndipo ndiyambe ndi lezalayo. Chonde musalole. Ndikudziwa kuti agogo akuchita zimenezi chifukwa chokukondani, koma kumeneko kuli mitsempha yambiri ya magazi. Kudula kumabweretsa kutaya magazi, mafinya, kafumbata ndi zipsera, ndipo lezala yogwiritsa ntchito anthu angapo imafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a Hepatitis B. Zonsezi pofuna kuchotsa chinthu chimene mwina si matenda n'komwe.

Ngati ndi timatumba ta mafuta tomwe ndanena tija, sitipatsirana, kaya pogonana, popsompsonana kapena pomwera chikho chimodzi. Sitingakhale umboni wakuti bambo anayenda njira zina. Inu muli ndi tanu, iwo ali ndi tawo. Zimandipweteka kuona banja likugwedezeka chifukwa cha mafuta a pakhungu.

Sindikunena kuti chilichonse chotuluka kumeneko n'chosaopsa, ayi. Njerewere za kumaliseche, zobwera ndi kachirombo ka HPV, zimakula, zimachulukana, pamwamba pake pamakhala pokhakhala. Matuza amadzi owawa amene amaphulika n'kusanduka zilonda ndi nkhani inanso. Chikazi chonunkha, kuyabwa, kutupa m'mphechepeche, zonsezi n'zofunika mankhwala. Ndipo ngati inu mumachapa ndi kusamba kunyanja, musaiwale likodzo. Ambiri timalidziwa ndi magazi a mumkodzo, koma mazira ake amakakhazikikanso m'njira ya amayi ndi pa khomo la chiberekero, n'kumayambitsa kuwawa kapena kutuluka magazi pokhala malo amodzi. Mankhwala ake ndi praziquantel. Mutengane ndi bambo, mupite limodzi ku chipatala cha Mtakataka kapena cha mishoni ku Mua, akakuoneni nonse awiri, mukayezetse magazi, inuyo mukafunsenso zoyezetsa khomo la chiberekero. Ankhoswe akamve zotsatira za kuchipatala asanaweruze.

Woulutsa: Mwachidule, mtsikana wa ku Mua akufunsa ngati pali mafuta opaka ochotsa tiziphuphu ta pa milomo.

Dokotala: Achemwali, musatifinye, mungotupitsa mlomo, ndipo timabwereranso. Mafuta oyeretsa khungu a pamsika amapyapyalitsa khungu, musawapake pamenepo. Madokotala a khungu amatha kutiwotcha ndi makina a leza, koma n'zodula ndipo nthawi zina zimasiya chipsera. Mukaona kamodzi kakukula, kusintha mtundu, kutuluka magazi, kapena chilonda chosapola pakatha masabata awiri, pitani kuchipatala msanga.