PHUNZIRO 14: INJINI YOZIMA GALIMOTO IKAIMA

Tiwerenge pamodzi.

Kuno ku Tete magalimoto akale akadalipo. Ena ndi Land Rover Series III, amene anapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Ena ndi Toyota Land Cruiser a injini ya 2F, imene inayamba kutuluka mu 1975. Magalimoto amenewa amatinyamulira chimanga, mbuzi ndi makala. Amanyamulanso odwala kupita nawo ku chipatala chachikulu cha mumzinda. Phunziro lino likunena za amene amayendera petulo. Injini ya dizilo ilibe kabureta.

Nthenda imene tiphunzire lero ndi iyi. Pamsewu galimoto ikuyenda bwino. Koma woyendetsa akachotsa phazi pa moto, injini imanjenjemera, kenaka imazima. Amakaniko akuno amati ralenti yaonongeka. Ralenti ndi mau a Chipwitikizi. Tanthauzo lake ndi kulira kwa injini pang'onopang'ono galimoto itaima.

Nthendayi si yocheza nayo. Injini ikazima pamtsetse, mabuleki a magalimoto ena amalimba. Ikazima pakati pa mtsinje, katundu amanyowa. Ikazima usiku tili ndi mayi wodwala, ulendo wa makilomita 20 wochoka ku Moatize umatalika.

Ambiri aife timathamangira kupotokola masikuluu a kabureta. Tisatero. Masikuluu ndi omalizira. Tiyambe ndi zinthu zapafupi, chimodzichimodzi.

KABURETA NDI CHIYANI?

Injini imadya zinthu ziwiri: mpweya ndi petulo. Kabureta ndiyo imasakaniza. Pa kilogalamu imodzi ya petulo pamafunika mpweya wokwana pafupifupi makilogalamu 15. Zili ngati kuphika nsima. Madzi akachuluka, taphika phala. Ufa ukachuluka, mthiko sutembenuka.

Galimoto ikaima, chitseko cha m'kabureta chimakhala chotseka pafupifupi chonse. Pamenepo petulo amadzera pa kabowo kakang'ono ngati ka singano. Kabowoka amati jeti ya ralenti. Kamchenga kamodzi kokha kangathe kukatseka. Galimoto ikamathamanga, petulo amadzera pa jeti ina yaikulu. N'chifukwa chake imayenda bwino pamsewu koma n'kumazima ikaima.

TIDZISAMALE

Tigwire ntchito panja, pamthunzi. Utsi wa injini umapha m'nyumba yotseka. Fodya ndi moto zikhale kutali. Tikoke buleki ya pamanja, tichotse giya, tiike miyala kumatayala. Manja ndi malaya zitalikire fani ndi lamba.

CHOYAMBA: TIMVERE NDI KUONA

Tilize injini mpaka itenthe. Tsono tikoke tchoko pang'ono. Tchoko amachepetsa mpweya. Injini ikayamba kulira bwino, ndiye kuti petulo akuchepa kapena mpweya ukulowa wochuluka. Ikayamba kutsamwa, kapena ikamatulutsa utsi wakuda, ndiye kuti petulo wachuluka. Tikatha, tibweze tchoko mpaka kumapeto.

CHACHIWIRI: MPWEYA

M'chilimwe fumbi la m'misewu yathu ndi lambiri. Limatseka sefa ya mpweya, injini n'kumabanika. Sefa ya pepala tiigogode pang'ono kuti fumbi ligwe. Ikada kwambiri, tigule ina. Land Rover yakale ili ndi sefa ya oilo. Titaye oilo wamatope, titsuke mbale yake, tithire wina kufika pa mzere.

CHACHITATU: PETULO

Petulo wa m'mabotolo ndi m'zigubu nthawi zina amakhala ndi madzi ndi zinyalala. Tithireko pang'ono m'botolo loyera, tidikire. Madzi amakhala pansi, petulo pamwamba. Pa Land Rover pali kambale kagalasi pa pampu ya petulo. Tione ngati muli matope kapena madzi. Pothira petulo wa m'chigubu tizisefa ndi nsalu yoyera.

Tikumbukirenso dzuwa la kuno. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Paipi ya petulo ikayandikira paipi ya utsi, petulo amawira, ndipo injini imazima. Ikazizira imaliranso. Pamenepa kabureta ilibe mlandu. Tisunthe paipiyo italikire motowo.

CHACHINAYI: MOTO

Timasule mapulagi, tione nsonga zake. Pulagi yabwino imaoneka ngati mtedza wokazinga. Yakuda mwaye ikutiuza kuti petulo wachuluka. Yoyera mbee ikutiuza kuti petulo wachepa. Mpata wa pansonga ukhale pafupifupi mamilimita 0.8. Tionenso mapointi a m'distributa ngati apsa kapena atsekana.

Tisasokoneze mawaya. Tichotse imodzi, tibwezere, kenaka ina. Pa Land Rover ya masilinda 4 moto umayenda motere: 1-3-4-2. Pa injini ya 2F ya masilinda 6 umayenda motere: 1-5-3-6-2-4.

CHACHISANU: MPWEYA WAKUBA

Mpweya wonse uyenera kudzera pa sefa. Koma gasiketi ya pansi pa kabureta ikatha, kapena kapaipi ka labala kakang'ambika, mpweya umalowa mozemba ngati mbala. Titenge paipi yaifupi. Mbali ina tiike kukhutu, mbali ina tiyendetse mozungulira kabureta. Tikamva kuti "sii", mbala tayipeza. Timange manati mofanana. Kapaipi kong'ambika tisinthe.

CHACHISANU NDI CHIMODZI: M'KATI MWA KABURETA

Zonsezi zikakhala bwino, tsono tifike pa kabureta.

Land Cruiser ili ndi kabureta ya Aisan. Pambali pake pali kazenera kagalasi. Petulo aoneke pakati pa kazenerako. Akadzaza konse, ndiye kuti choyandama cha m'kati chabooka, kapena kasingano kotseka petulo katha. Makabureta ambiri a mtunduwu alinso ndi kawaya kamagetsi. Tikatembenuza kiyi timve kuti "tha". Kawayako kakaduka, petulo wa ralenti satuluka konse.

Land Rover Series III ili ndi kabureta ya Zenith. Ikakalamba, chivundikiro chake chimapindika ndi kutentha, ndipo kamphira kozungulira ka m'kati kamatha. Petulo amadontha m'kati, utsi n'kuda. Kupotokola sikuluu sikuchiza nthenda imeneyi. Pafunika kamphira katsopano ndi mmisiri wodziwa kusalaza chivundikirocho.

Jeti ya ralenti tiitsuke m'petulo woyera, tiiuzire ndi pampu ya njinga. Tisaitokose ndi waya kapena singano. Bowo likakula silibwereranso, ndipo galimoto idzamwa petulo wambiri masiku onse.

CHOMALIZA: MASIKULUU AWIRI

Sikuluu yoyamba imakankha chitseko. Imakweza kapena kutsitsa liwiro la injini. Yachiwiri ili kumunsi, ili ndi nsonga yosongoka. Imeneyi imayeza petulo wa ralenti. Tikaimanga petulo amachepa. Tikaimasula amachuluka.

1. Injini ikhale yozima. Timange sikuluu yachiwiri mofatsa mpaka igunde, tikuwerenga kuti yazungulira kangati. Tilembe nambalayo m'kope. Tisalimbitse, nsonga ingaphwanyike.
2. Tiimasule kamodzi ndi theka, kapena kawiri.
3. Tilize injini mpaka itenthe.
4. Tipotokole pang'ono, gawo limodzi la magawo anayi, tidikire, timvere. Tiime pamene injini ikulira mosalala.
5. Ndi sikuluu yoyamba tiike liwiro. Injini zimenezi zimafuna kuzungulira pakati pa 500 ndi 700 pa mphindi imodzi.

Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi. Angónia ili pamwamba, kupitirira mamita 1,000. Kumapiri mpweya ndi wopepuka, kotero galimoto yokonzedwa kuno imalandira petulo wochulukirapo ikafika ku Ulongué. Ngati ikakhalitsa kumeneko, timange sikuluu yachiwiri pang'ono. Pobwerera, kope lathu lidzatikumbutsa pamene inali.

Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tisinthe chinthu chimodzi, tilize injini, timvere. Tikasintha zitatu nthawi imodzi, sitidziwa chimene chachiza. Zikatikanika, tipite kwa makaniko ndi kope lathu. Timuwerengere zimene tayesa kale. Ntchito yake idzachepa, ndipo sitidzagula kabureta yatsopano chifukwa cha kamchenga kamodzi.

MAU ATSOPANO

Tiwerenge mokweza: ka-bu-re-ta, je-ti, se-fa, pu-la-gi, ra-le-nti.

MAFUNSO

1. Kodi kabureta imasakaniza chiyani?
2. Takoka tchoko, injini yayamba kulira bwino. Kodi chachepa n'chiyani?
3. Chifukwa chiyani sititokosa jeti ndi waya?
4. Pulagi yakuda mwaye ikutiuza chiyani?

MASAMU

Galimoto yokonzedwa bwino yamwa malita 20 pa ulendo umodzi. Ya sefa yotsekeka yamwa malita 26. Kodi malita otayika ndi angati pa maulendo 5?

NTCHITO YA KUNYUMBA

Tilembe m'makope mwathu mau awa motsatana: mpweya, petulo, moto, mpweya wakuba, jeti, masikuluu. Mawa aliyense adzawerengere mnzake.